Zenera la M'kati mwa Khoma

Nyumba yathu ya ku Nabvutika tinailowa m'nyengo yozizira, titakhala m'nyumba za lendi kuyambira pamene tinakwatirana. Inali nyumba yakale ya njerwa zootcha ndi malata, ya zipinda ziwiri zogona, chochezera ndi kakhitchini. Mwini wake woyamba anali atamwalira kalekale. Ana ake anabalalikira ku Lusaka ndi ku migodi, ndipo ankangoikamo anthu a lendi, uyu atuluke uyu alowe, mpaka anatopa nayo n'kutigulitsa ife.

Aliyense amene anakhalamo anasiyamo zake. M'chipinda chochezera munali misomali yoti n'kupachikapo zithunzi za mudzi wonse, ndipo munkakhala mdima ngakhale masana, chifukwa kazenera kake kanali kamodzi, kakang'ono, koyang'ana kukhoma la oyandikana nawo. Kukhitchini kunali bii ndi mwaye. Kunja penti inali itafufuma n'kumalendewera ngati makungwa a bulugamu. Koma ine ndinkangoona kukongola kokhakokha. M'nyumba za eni sunkakhoma ngakhale msomali umodzi osapempha. Muno ndinkayendayenda m'zipinda n'kumasisita makoma, n'kumadziuza kuti nditafuna ndikhoza kupaka khoma ili lofiira, ndipo palibe angabwere kudzandifunsa.

Ine ndine telala. Ndimasoka mayunifomu a ana a sukulu, madiresi a zitenje ndi malaya a amayi a kutchalitchi. Mitundu ya nyumba yanga ndinali nditaisankha kale tisanakhale n'komwe ndi nyumba. Kunja ndinkafuna chikasu chofatsa ngati cha m'kati mwa nthochi yakupsa, m'nyumba mobiriwira pang'ono ngati tsamba la m'kati la kabichi. Sabata yachiwiri tinapita ndi amuna anga kumashopu a kumunsi kwa tauni n'kugula zigubu zinayi za penti. Wanjinga anatinyamulira mpaka pakhomo, ine ndikuyenda pambuyo pake ngati ndikuperekeza mkwatibwi. Amayi onse amene ndinawapeza pampopi ndinawauza kuti Lamlungu likubwerali nyumba yathu sadzaizindikira.

Amuna anga amagwira ntchito kufakitale ya thonje, ndipo miyezi imeneyo thonje limalowa kwambiri, sapuma. Iwo anati kupaka penti si nkhani, Loweruka abwera ndi burashi, pofika Lolemba tidzakhala titatha. Ndinavomera, koma mtima unandiuza kuti ndiimbire kaye achimwene anga aakulu. Iwo anapaka nyumba za anthu ku migodi zaka zambiri, kenako anabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Tamanda, kumene amalima nsawa ndi chimanga. Nditawauza pafoni kuti penti ndagula kale, anangoti, "Usatsegule. Ndikubwera."

Anafika Lachinayi mmawa pa njinga yawo, atamanga kumbuyo kathumba ka nsawa ndi chikwama chakale chansalu. Ndinawapatsa madzi, ndipo ali chimwere ndinakhuthula chikwamacho pakhonde. Munatuluka zitsulo ziwiri zopalira, burashi ya waya, sandipepa wokulungakulunga, kanyundo ndi mpeni womatira. Ndinachigwedeza chikwamacho, osatulukanso kanthu.

"Achimwene, burashi yopakira mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Nthawi yake sinakwane. Pentiyo ili kuti?"

Ndinawaonetsa zigubu zanga. Anawerenga zolembedwapo, n'kunena kuti ndagula yabwino. Kenako anati, "Kaiike pansi pa bedi, uiphimbe. Ukamaiona izikusokoneza."

"Koma ndauza kale anthu kuti Lamlungu..."

"Mlongo wanga, munthu akakubweretsera nsalu yakuda, yokwinyika, yong'ambika pakati, iwe umayamba n'kusokerera mabatani?"

Ndinaseka, chifukwa anandipezera pa ntchito yanga yomwe. Zigubu zinalowa pansi pa bedi.

Anavula jekete n'kuyamba kuizungulira nyumba. Anasisita khoma lakunja ndi chikhatho n'kundionetsa. Chinali mbuu ngati agwira ufa. Anandiuza kuti pansi pa pentiyo pali laimu. Wina anapaka laimu, wina n'kudzapaka penti pamwamba pake osapala, ndipo penti imafuna pogwira. Ndikaika yanga pamwamba pa zimenezi, mvula yoyamba khoma lidzafundula ngati njoka, yakale ndi yatsopano zidzagwera limodzi.

Kenako anatenga kanyundo n'kuyamba kugogoda khoma ndi chigwiriro chake, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Pena khoma linkayankha molimba kuti gu, gu. Pena linkati pho, pho, ngati chikho chopanda kanthu. Pamene lalira choncho ankazungulizapo mzere ndi khala.

"Apa pulasitala wasiyana ndi njerwa," anatero. "Akungoimirira chifukwa cha chizolowezi. Tenga, yesa nawe."

Kanyundo kaja sindinafunenso kukabweza. Ndinagogoda chipinda ndi chipinda, ndipo ndikapeza pofooka ndinkawaitana mokondwa ngati ndapeza bowa m'thengo. Sindinkadziwa kuti khoma limamveka, ndiponso kuti khutu langa lingasiyanitse. Pofika masana nyumba yonse inali ndi mizere ya makala, m'kati ndi kunja.

Tinatulutsa katundu n'kumuunjika pakhonde. Makina anga osokera ndinawakulunga m'zitenje ziwiri n'kukawasungitsa kwa oyandikana nawo, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, amene anakhala m'komboni muno kuyambira nyumba zili zowerengeka. Ndinamanga duku, kansalu kena n'kutseka pakamwa ndi mphuno. Achimwene anandionetsa kunyowetsa khoma ndi madzi kaye kuti laimu afewe ndi kuti fumbi lisabuke, ndiponso kugoneka chitsulo m'malo mochiimika, kuti chisakumbe pulasitala wabwino.

Kupala khoma kuli ndi kukoma kwake. Chitsulo chikalowa pansi pa penti yofufuma, umangokankha, chikamba chachikulu ngati mpango n'kusendeka chokha n'kugwera kumapazi. Ukatero umafuna china chachikulu kuposa pamenepo. Ine ndi achimwene tinayamba kupikisana ngati ana, aliyense akuonetsa mnzake chake. Pansi pa penti yakuda yapamwamba panali ya pinki, pansi pa pinki panali ya buluu, ndipo pansi penipeni panali laimu. M'chipinda chogona, pa buluu, ndinapeza masamu a mwana wina olembedwa ndi pensulo. Ndinaima n'kuwawerenga. Awiri anali olakwa. Ndinawapala pomaliza, pena ponse nditatha.

Misomali tinazula yodzaza kapu. Malo amene tinazunguliza ndi makala achimwene anawagumula mpaka njerwa zinaonekera. Zimenezi ndinapirira, koma nditawaona akulowetsa nsonga ya chitsulo m'mng'alu waung'ono n'kumaukulitsa, ndinalephera kukhala chete.

"Achimwene, ndimati mutseka mng'alu, inu mukuukuza?"

"Ukangoumata pakamwa, m'kati mutsala mphako, ndipo pakatha miyezi iwiri ubwereranso. Uutsegule, uchotse fumbi, uunyowetse, ndiye umate kuyambira m'kati."

Ming'alu ing'onoing'ono ndi mabowo a misomali tinkamata ndi fila, ufa woyera wa kushopu umene umasakaniza ndi madzi n'kukhala ngati phala lolimba. Ikuluikulu tinkamata ndi simenti ndi mchenga wosefa. Mchengawo ndinkasefa ndine ndi neti yakale ya udzudzu. Kukhitchini ndiye kunatidyera tsiku lathunthu. Tinkatenthetsa madzi pambaula, n'kusungunulamo sopo wa ufa, n'kukwecha khoma kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Madzi ankatsika akuda ngati a m'dambo. Tikatsuka, achimwene ankawaza timadzi pakhomapo n'kuyang'ana. Madzi akamaima timadontho ngati pa tsamba la nthochi, ndiye kuti mafuta akadalipo, tibwereze. Tinabwereza katatu, kachinayi khoma n'kumwa madziwo.

Amuna anga atabwera kuntchito tsiku limenelo anaima pakhomo, thonje lili m'tsitsi, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Alamu, mmawa ndinasiya nyumba, madzulo ndapeza bwinja."

"Chilonda chimayamba chatsukidwa, alamu, mankhwala amabwera pambuyo," anayankha achimwene.

Amuna anga anangopukusa mutu, koma anavula nsapato n'kutithandiza kusesa zikamba za penti.

Lamlungu lija linafika. Pochokera kutchalitchi amayi atatu a kumpopi anadzera dala njira yakwathu. Anaima pamsewu, mmodzi n'kunena kuti abwera kudzaona chikasu chija. Wina anati ndinanena zoona, nyumbayo sakuizindikiradi, yasanduka nkhanga. Inalidi mawangamawanga, pena simenti yaiwisi, pena fila woyera, pena buluu wotsalira. Manyazi anandigwira pang'ono, koma ndinapezeka ndikuwakokera kukhoma n'kuwagwiritsa pamene tasalaza, n'kumawafotokozera za laimu ngati ndinabadwa ndikuzidziwa.

Sabata yotsatira tinapitiriza ntchito ya kunja. Kuseri kwa nyumba, m'munsi mwa khoma munali ndere zouma, ndipo pulasitala ankanyenyeka ukamukanda ndi chala. Achimwene anati vuto si khoma ayi, koma dothi. Anthu ankasesa n'kumaunjika zinyalala ndi dothi m'mbali mwa nyumba mpaka linakwera kupitirira maziko, choncho m'dzinja khoma linkayamwa madzi. Tinatenga makasu n'kulichotsa lonse, n'kukumba kangalande kopititsa madzi kumsewu. Tinapezanso kanjira ka chiswe kakukwera kulunjika ku mitengo ya denga. Tinakagumula n'kuthirapo mankhwala. Ndere tinazikwecha ndi burashi ya waya mpaka manja anga anatuluka matuza. Ndinkagona thupi lonse likuwawa, koma ndinkadzuka woyamba ndine, n'kupita kukagwira pamene tinamata dzulo kuti ndione ngati pauma.

Khoma limodzi la m'chipinda chochezera, loyang'ana kumsewu chakumadzulo, tinalisiya lomaliza chifukwa penti yake inali yokhuthala kuposa pena ponse. Linali Loweruka mmawa. Achimwene anali kunja akusakaniza simenti, ine ndikupala ndekha m'kati. Chapakati pa khomalo ndinapeza mng'alu woonda ngati ulusi. Ndinayamba kuutsatira ndi nsonga ya chitsulo monga anandiphunzitsira. Unakwera mowongoka, osakhota. Utafika pamwamba pa mutu wanga unatembenuka n'kupita cham'mbali, mowongokanso, kenako n'kutsika. Ine ndimadula nsalu tsiku ndi tsiku, ndipo ngodya yopimidwa ndimaidziwa.

"Achimwene, tabwerani mudzaone."

Anabwera manja ali simenti. Anauyang'ana mng'aluwo nthawi yaitali, n'kuutsatira ndi chala. Kenako anatuluka. Ndinamva akupala kunja, pa khoma lomwelo. Atabwerera nkhope yawo inali ina.

"Kunjakonso ulipo, wofanana ndendende. Mng'alu wa nyumba suyenda chonchi. Umakhotakhota ngati mtsinje. Uwu anaupanga munthu."

Anatenga kanyundo n'kuyamba kugumula pang'onopang'ono pangodya yapansi. Pulasitala anagwa. Kumbuyo kwake kunali zidutswa za njerwa zomatidwa ndi matope, osati simenti ngati khoma lonse. Anakumbanso pang'ono, ndipo kanyundo kanalira kuti ngwe. Anapukuta ndi chala. Chinali chitsulo chadzimbiri.

"Iyi ndi felemu," anatero. "Mlongo wanga, muli zenera umu."

Ndinathamangira kumsewu fumbi lili thupi lonse, kansalu kaja kakadali kukamwa, kukaitana mayi wa zitumbuwa. Anasiyira mnzake beseni n'kubwera akupukuta manja pa chitenje. Atalowa n'kuona mizereyo anagwira pakamwa.

"Inde, linalipo. Ndinali nditaiwaliratu. Zenera lalikulu, la mabagala, zitsulo zotchinga akuba zija. Amayi a nyumba ino ankakhala pamenepa n'kumaluka, ife tikamapita kumadzi ankatipatsa moni."

"Nanga analitsekeranji?" ndinafunsa.

Anatiuza kuti eni ake atamwalira munalowa bambo wina wogula chimanga m'midzi n'kumagulitsa m'tauni. Matumba ake ankawasunga m'chipinda chino, ndipo sankafuna kuti odutsa aziwaona. Tsiku lina anangobwera ndi mnzake, n'kuchotsa magalasi, n'kulitseka. Iye anakhala chaka chimodzi chokha n'kusamuka. Amene anabwera pambuyo pake analipeza khoma, n'kumalipaka penti ngati khoma.

Ndinkafuna kuti tiligumule nthawi yomweyo, koma achimwene anakana. Anati nyumba ili ndi eni ake awiri, tidikire alamu. Amuna anga Loweruka amaweruka masana. Maola amenewo anali aatali kuposa zaka zonse za lendi. Achimwene anawagwiritsa ntchito pofufuza pamwamba pa felemu ndi m'mbali mwake. Ine ndinaphika mbatata koma sindinadye. Ndinatuluka kumsewu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kukasuzumira. Nditawaona akubwera chapatali ndinawachingamira, n'kuyamba kufotokoza zonse nthawi imodzi, moti anaganiza kuti khoma lagwa.

Analowa, anayang'ana, anagwira chitsulo chija. Sanasangalale msanga monga ndinkayembekezera.

"Amene anatseka anali ndi chifukwa chake. Zenera loyang'ana kumsewu limaitana akuba."

"Mabagala ake alimo, alamu," anatero achimwene. "Ndakumba apa, gwirani. Ndi chitsulo chakale, chokhuthala, chosiyana ndi cha masiku ano."

"Nanga tikachotsa njerwazi khoma silitsika?"

"Pamwamba pali konkire yolimba yodutsa mbali zonse, ndaiona. Njerwa izi sizinyamula kanthu. Zangokhalamo ngati alendo. Koma ndikuuzeni zoona, tikatsegula, penti idikiranso masabata atatu, chifukwa m'mbali monsemu mufunika pulasitala watsopano, ndipo ayenera kuuma."

Amuna anga anatembenukira kwa ine. "Nanga inu amayi mukuti bwanji? Paja ndinu mumathamangira chikasu."

Ndinawauza kuti chikasu chikhoza kudikira mpaka Khirisimasi. Kulikonse kumene takhala ndakhala ndikutulutsa makina pakhonde mmawa n'kuwalowetsa madzulo, mphepo ikundiulutsira nsalu, chifukwa m'nyumba simuoneka diso la singano. Ndinati ndikufuna kusoka m'nyumba mwanga.

Amuna anga anapinda manja a malaya n'kunena kuti, "Alamu, ndibwerekeni nyundoyo."

Achimwene anawaonetsa poyambira, njerwa yapamwamba pakati. Anamenya kamodzi, matope anayoyoka. Anamenya kachiwiri, njerwa inasuntha. Kachitatu inagwera kunja kuti phu, ndipo dzuwa linalowa pabowopo ngati ndodo, n'kukagunda khoma la tsidya lina, fumbi likuvina m'menemo. Kenako amuna anga anaseka, ndipo anayamba kukankha njerwa zotsatira ndi manja okha, chifukwa matopewo anali atafooka. Ine ndinkazilandira za m'kati, achimwene akutikumbutsa kuti tisakoke felemu. Njerwa iliyonse ikachoka chipinda chinkakula. Ndinayamba kuona ngodya zimene sindinazionepo bwino, ndi akangaude amene ankakhalamo mwamtendere. Msewu unaonekera, kenako mtengo wa mango wa tsidya lina, kenako phiri kumbuyo kwa madenga a anthu. Ndinali nditakhala m'nyumbamo mwezi wathunthu osadziwa kuti phiri lili pamenepo.

Tisanamalize, nkhope inatulukira pakati pa mabagala. Anali mayi wa zitumbuwa uja, ataima kunja ndi beseni lake pamutu.

"Odi kuno. Eni nyumba alipo?"

"Alipo, amayi," ndinayankha, ndipo misozi inatsika n'kusiya mizere pa fumbi la kumaso kwanga. Anatipatsira zitumbuwa zitatu pazenera pomwepo. Tinadya ndi manja akuda.

Ntchito inawonjezekadi. Felemu ndi mabagala tinazikwecha ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka dzimbiri lonse linachoka, chitsulo n'kuyamba kunyezimira. Achimwene anapaka penti yofiira yoteteza dzimbiri tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chopala sichigona chosapaka. Kaburashi kake anabwereka kwa mmisiri wa mageti wa pafupi nafe. Lolemba anamata pulasitala m'mbali monse mwa zenera, m'kati ndi kunja, n'kuwongola ngodya ndi thabwa. Amuna anga anapeza munthu woika magalasi. Zitatha izi achimwene anati apita kaye kumudzi kukaswa nsawa. Anandisiyira malangizo. Sabata yoyamba ndiziwaza madzi pa pulasitala watsopano mmawa ndi madzulo kuti asang'ambike. Kenako ndimusiye aume yekha. Akayera, ndimate kapulasitiki pakhomapo, kotseka mbali zonse, n'kukasiya tsiku limodzi. Kakachita thukuta m'kati, ndidikirebe.

Ndinakatenga makina anga n'kuwaika pansi pa zenera, makoma akadali mawanga. Diresi loyamba kusokera pamenepo linali la nsalu yakuda, imene kale ndinkaiopa, ndipo msoko uliwonse ndinkauona. Mphepo ya Ogasiti inkaomba fumbi m'komboni monse, ndipo ndinazindikira kuti tikanapaka nthawi ija, fumbi lonseli likanamatirira pa penti yaiwisi. Kapulasitiki kaja ndinakamata koyamba patatha masabata awiri. Mmawa ndinakapeza kali ndi timadontho. Ndinakwiya nako ngati munthu. Ndinayesanso patatha masiku anayi, chimodzimodzi koma pang'ono. Kachitatu kanali kouma gwa. Ndinaimba foni ndisanakachotse n'komwe pakhoma.

Achimwene anabwera mawa lake, ndipo ulendo uno m'chikwama munali maburashi awiri ndi chogudubuza. Koma anayambanso ndi sandipepa. Tinamukulunga pa kathabwa n'kusalaza paliponse pamene tinamata, m'kati ndi kunja. Anandiuza kuti nditsinzine n'kuyendetsa chikhatho pakhoma, chifukwa dzanja limaona zimene diso laphonya. Ndinapeza tizitunda tiwiri ndi kabowo kamodzi ka msomali kamene tonse tinakadumpha. Titatha tinasesa makoma ndi tsache lofewa kuyambira kudenga, n'kuwapukuta ndi nsalu yonyowa, n'kukolopa pansi kuti fumbi lisabukenso. Pansi tinayala manyuzipepala ndi matumba akale. Achimwene anayendetsa chikhatho komaliza n'kundionetsa. Chinali choyera bwino, chopanda ufa.

Penti yoyamba kupaka sinali yanga ija ayi, koma yoyera yapansi, imene amati andakoti, yoti igwire pulasitala kuti yamtundu idzakhale pabwino. Achimwene ankadula m'mphepete ndi burashi, ine ndikugudubuza pakati. Khoma linkailandira mofanana ponseponse, popanda pomwa kwambiri kapena pokana. Mawanga aja ankazimirira mmodzimmodzi. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri nyumba yonse inali mbee, m'kati ndi kunja, ndipo dzuwa litalowa pazenera lija chipinda chinawala moti ndinkachita kutsinzina. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro la njinga. Mmodzi wa amayi a kumpopi aja anandifunsa ngati achimwene angakaonenso khoma la kwawo, limene linkayoyoka chaka ndi chaka.

Mmawa mwake ndinadzuka n'kupeza achimwene akumanga chikwama pa njinga.

"Mukupita? Nanga yamtundu apaka ndani?"

"Inu nomwe. Kwatsalaku aliyense angathe. Muivundule bwino mpaka pansi pa chigubu, mupake mopyapyala kawiri, ndipo musapake khoma likuwombedwa ndi dzuwa. Maburashi ndakusiyirani. Muziwatsuka."

Ndinawakakamiza kuti akhale tsiku limodzi lokha, aone mtundu wake, koma anati ogula nsawa akubwera kumudzi. Ndinawakulungira malaya awiri amene ndinawasokera pazenera lija, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu waukulu.

Tinapaka ndi amuna anga Loweruka ziwiri. Zinali zosavuta moti ndinadabwa kuti n'zimenezi zimene ndinkazithamangira. Iwo anatenga kunja, ine m'kati, ndipo tinkaitanizana pazenera kuti wina adzaone pamene mnzake wafika. Mvula inabwera mu Novembala, yamphamvu, yowomba makoma cham'mbali. Itakata ndinatuluka n'kuzungulira nyumba yonse ndikukanda ndi chikhadabo. Palibe pamene panafufuma.

Achimwene anadzaiona nyumbayo mu Febuluwale, akudutsa ndi anzawo a kumudzi popita ku Mtenguleni kukaonerera mwambo wa Ncwala. Anzawo anawasiya pamsewu, iwo n'kulowa pabwalo nsapato zili matope. Ine ndi amuna anga tinaima pakhonde ngati ana a sukulu odikira zotsatira za mayeso. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Anawerama kuseri n'kuyang'ana m'munsi mwa khoma. Analowa m'kati, anayang'ana ngodya za zenera, n'kutulukanso. Kenako analoza m'mwamba, pansi pa malata, pamwamba pa chitseko cha kukhitchini.

"Alamu, apo mwasiya."

Tinayang'ana. Panalidi kachigamba koyera, kakang'ono ngati chikhatho, kamene tonse awiri sitinakaone miyezi yonseyo. Amuna anga anapita kukatenga makwerero nthawi yomweyo. Achimwene anakhala pampando, n'kupempha tiyi, n'kutuma mwana wa oyandikana nawo kuti akauze anzawo aja kuti alowe, galimoto yotsatira aipezabe.